Nkhata ya injini ikauma, amamva kuwawa ndani?

Loweruka lina m'mawa mnyamata wina anafika pagalaja pathu ndi Golf GTI yoyera, ya mtundu wachisanu ija. Titangopatsana moni anatsegula buti n'kutulutsa katoni. M'katonimo munali ma mounting atatu a injini amene anaitanitsa ku Johannesburg, zitsulo zake zili waliwali, pakati pake pali chinthu chakuda cholimba ngati chidendene cha nsapato. "Madala, mundiikire awa. Akuti ukaika amenewa galimoto imauluka." Ndinatenga imodzi n'kuidina ndi chala chachikulu, koma chala sichinalowe ngakhale pang'ono. Pambali pake panalembedwa 95A. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, galimotoyi mumapita nayo kuntchito tsiku ndi tsiku?" Anavomera, n'kuonjeza kuti Lamlungu amatengeramo mayi ake popita kutchalitchi. Ndinamukokera mpando kuti tikambirane kaye ndisanagwire sipanala.

Mayi akamasenza mtsuko wa madzi amayamba apota nkhata. Nkhatayo imagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: imakhazika mtsuko kuti usapendeke, komanso imateteza mutu kuti dothi louma la mtsukowo lisaupweteke. Mounting ya injini ndi nkhata basi. Injini ya masilinda anayi pamodzi ndi giyabokosi yake imalemera pafupifupi makilogalamu 200, ngati matumba anayi a chimanga, ndipo katundu yenseyo amakhala pa tizidutswa titatu kapena tinayi ta labala womatidwa kuchitsulo. Kalelo injini ankangoimangirira pachitsulo cha galimoto ndi mabawuti, okwera n'kumanjenjemera ulendo wonse. Mu 1931 kampani ya Chrysler inatulutsa Plymouth yokhala ndi injini yokhazikidwa pa labala, njira imene anaitcha Floating Power, ndipo kuchokera nthawi imeneyo opanga magalimoto akhala akulimbana ndi funso limodzimodzi: nkhatayi ifewe bwanji kuti okwera asamve injini, nanga ilimbe bwanji kuti injini isamavine?

Tiyambe ndi kunjenjemerako, chifukwa ndi kumene ambiri ogula zinthuzi sakuganizirako. Mu injini ya masilinda anayi, mafuta amaphulika kawiri pa kuzungulira kulikonse kwa crankshaft. Galimoto ikaima pamaloboti injini ikulira pa 800 rpm, ndiye kuti pali kuphulika pafupifupi 27 pa sekondi imodzi, ndipo kulikonse kumakankha injini. Tsono ganizirani katungwe. Mwana akakhala pa katungwe, mukamamukankha mogwirizana ndi kayendedwe ka katungweyo amakwera m'mwamba ngakhale mukukankha ndi chala chimodzi. Koma mukamakankha mofulumira kwambiri, kambirimbiri asanabwerere, katungweyo sapita kulikonse. Injini yokhala pa labala ilinso ndi kayendedwe kake kamene imakonda kugwedezeka nako. Akatswiri a kufakitale amasankha labala wofewa kuti kayendedwe kameneko kakhale kapang'onopang'ono, cha m'ma 10 pa sekondi, kutali ndi 27 uja. Kukankha kwa injini kumafulumira kuposa mmene nkhata ingatsatire, ndiye kumathera mu labala momwemo.

Mukalimbitsa nkhatayo kanayi, kayendedwe kaja kamawirikiza kawiri. 10 uja wasanduka 20, wayandikira 27, ndipo tsopano injini ikukankha katungwe pafupi ndi nthawi yake yeniyeni. Mpake kuti galimoto yoikidwa ma mounting olimba imavuta kwambiri ikaima. Chiwongolero chimachita njenjenje, kalilole woonera kumbuyo amaonetsa magalimoto awiriawiri, makobidi a m'kabokosi amayamba kuimba. Mukayatsa choziziritsa mpweya, kapena ngati galimoto ndi ya automatic ndipo mwaponda buleki ili pa D, zimanyanya. Amene anakhalapo pafupi ndi chigayo cha dizilo chomangiriridwa pa simenti akudziwa mmene nthaka imamvekera kumapazi. Chigayocho sichisuntha, n'zoona, koma kugwedeza kwake sikunathe. Kwangolowa pansi.

Nanga ma mounting olimbawa anthu amawafuniranji? Pali chifukwa chenicheni, ndipo sindichipeputsa, poti inenso ndimawaika pa magalimoto oyenera. Injini ikamazunguza matayala kupita kutsogolo, iyo imafuna kupotokera kumbuyo. Pa galimoto yokoka ndi matayala akutsogolo, imene injini yake inagona mopingasa ngati Golf ija, injini, giyabokosi ndi difu zili m'chimake chimodzi, kotero ma mounting amalimbana ndi mphamvu yonse yopita kumatayala. Golf GTI ya mtundu wachisanu imatulutsa 280 Nm za mphamvu yopotokola. Mu giya yoyamba mphamvuyo imachulukitsidwa koposa kakhumi isanafike kumatayala, kufika kupitirira 3,000 Nm, ndipo yonseyo imafuna kugudubuza injini m'boneti. Chimene chimaigwira kwenikweni ndi kamkono kamodzi ka pansi, kolumikiza giyabokosi ndi subframe, kamene timakatcha dogbone poti kamaoneka ngati fupa la galu. Pa Subaru WRX, imene injini yake inagona chamtali, pali kamkono kena pamwamba kumbuyo kwa injini kotchedwa pitch stop.

Mukanyamuka mwaukali, labala wofewa uja amayamba wapindika kaye ngati legeni yokokedwa. Tayala likaterereka pang'ono, legeniyo imabwerera, tayala n'kugwiranso phula, n'kukokanso labala, n'kutererekanso. Kutsogolo konse kwa galimoto kumadumphadumpha, gu gu gu, ngati wina akumenya pansi ndi hamala. Kudumpha kumeneku, kumene a mipikisano amakutcha wheel hop, ndiko kumathyola ma CV joint ndi mashafiti, ndipo nthawi zina kumang'alula giyabokosi. Mounting yolimba imachepetsa legeni ija. Imathandizanso posintha magiya, makamaka pa magalimoto amene ndodo ya giya imalumikizidwa ndi zitsulo: injini ikasuntha, malo a giya nawonso amasuntha, ndipo dzanja lofuna giya yachitatu mofulumira limakagunda pakhoma. Ekizozi nayonso imapuma, poti kachigawo kake kopindika sikakokedwakokedwa. Ndipo mukapatsa moto galimoto imayankha nthawi yomweyo, osayamba yadikira kuti labala athe kupindika.

Kuyankha msangako ndi kumene kumanamiza anthu kuti mphamvu zawonjezeka. Sizinawonjezeke. Mounting siipanga mphamvu; injini imene inkatulutsa 147 kW dzulo itulutsa yomweyo mawa. Chasintha ndi kachigawo ka sekondi kamene munkadikira.

Pali chinyengo chinanso chimene ndimachiona kawirikawiri, ndipo n'chimene chimandikhudza kwambiri poti chimadyera anthu ndalama. Magalimoto ambiri amene timayendetsa kuno anabwera atagwira kale ntchito ku Japan, ku Britain kapena ku South Africa, ndipo ambiri apitirira zaka khumi. Labala amakalamba. Kutentha kwa injini kumamuumitsa, oyilo wodontha amamufewetsa n'kumutupitsa, ndipo ma mounting ambiri a masiku ano ali ndi madzi mkati mwake, oyenda pakati pa zipinda ziwiri kudzera pa kanjira kakang'ono kuti achepetse kugwedezeka. Akang'ambika madziwo amatayika, mounting n'kukhala pansi. Munthu amene wayenda zaka zitatu ndi ma mounting akufa akaika olimba a polyurethane amabwera akusimba lokoma, kuti galimoto yasanduka ina. Zoona yasintha, koma akuyerekeza chinthu chatsopano ndi mtembo. Akanaika atsopano a mtundu wa kufakitale akanapeza zambiri mwa zabwino zomwezo, popanda kunjenjemera.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tsegulani boneti, kokani handibuleki, mnzanu akhale pachiwongolero ataponda buleki mwamphamvu. Aike giya yakutsogolo n'kupatsa moto pang'ono, kenaka ya rivesi chimodzimodzi. Inu muime pambali pa galimoto, osati kutsogolo kwake, zivute zitani. Injini iyenera kupendekera pang'ono n'kubwerera mwakachetechete. Ikadumpha, kapena mukamva khu, yang'anani ndi tochi: ming'alu mu labala, labala wolekana ndi chitsulo, kapena mzere wa madzi akuda pansi pa mounting.

Za nambala ija ya 95A. Ndi muyeso wa kulimba kwa labala ndi zinthu zofanana naye, wotchedwa Shore A potengera Albert Shore amene anapanga chida choyezera. Labala wa pamwamba pa tayala amakhala cha m'ma 60 mpaka 70. Wa mounting ya kufakitale kawirikawiri amafewa kuposa pamenepo. M'makatoni a makampani monga Powerflex, SuperPro kapena Hasport mupeza manambala oyambira cha m'ma 60 kukafika ku 95, ndipo kupitirira apo kuli ma mounting a aluminiyamu okhaokha opanda labala n'komwe, a magalimoto amene amapita ku mpikisano atanyamulidwa pa ngolo. Koma nambala yokha isakupusitseni. Mounting ya kufakitale ili ndi mipata yosiyidwa dala mu labala, kuti ikhale yofewa pa kugwedezeka kwakung'ono koma ilimbe injini ikapendekera kwambiri n'kutseka mipatayo. Ya polyurethane nthawi zambiri imakhala yodzadza, ndiye ngakhale ya 70A imatha kuuma kwambiri kuposa ya kufakitale. A Subaru anali ndi njira ya pakati imene ndimailemekeza: ma mounting a STI otchedwa Group N, a labala ndithu ndipo ooneka ngati a kufakitale, koma olimbirapo. A Porsche anathetsa mkanganowu ndi ndalama. Pa 911 GT3 ya 2010 munthu ankatha kusankha ma mounting okhala ndi madzi osakaniza ndi tizitsulo ting'onoting'ono, amene maginito oyendetsedwa ndi kompyuta amawalimbitsa galimoto ikakhala pa liwiro n'kuwafewetsa ikamayenda mwaulemu. Kuti kampani yotere ivutike chonchi, ndiye kuti nkhata imodzi yokwanira ntchito zonse ziwiri kulibe.

Walira mvula walira matope, ndipo kwathu kuno matopewo ndi misewu. Ma mounting olimbawa anapangidwira phula losalala la mabwalo a mpikisano ngati Kyalami. Ife timayenda m'maenje a nyengo ya dzinja, pa zitunda za m'matauni, ndi m'misewu yafumbi yokhala ndi mizeremizere yogwedeza mano. Kugunda kulikonse kumene labala akanameza kumapita ku mabulaketi a aluminiyamu, ku mabawuti ndi kuchitsulo chopyapyala cha thupi la galimoto. Ndaonapo mabulaketi osweka, mabawuti omasuka okha, ndi mapulagi a mawaya a m'dashibodi olekana mpaka mwini wake kumasakasaka vuto la magetsi kwa miyezi. Polyurethane sagwirizananso ndi moto: mounting yoyandikana ndi ekizozi kapena turbo imafewa n'kupunduka ngati palibe chitsulo chotchinga kutentha. Pa injini ya dizilo, imene imagunda mwamphamvu kuposa ya petulo, sindilangiza n'komwe.

Amisiri athu a m'misika amene amadula matayala akale n'kupanga ma mounting ndimawapatsa ulemu, chifukwa apulumutsa anthu ambiri pamene sipeya yasowa kapena mtengo wake wakwera. Komabe dziwani kuti chimene mwaika ndi mounting yolimba yopanda muyeso wodziwika. Mbali ina ikhoza kuuma kuposa inzake, ndipo utali wake ukasiyana pang'ono ndi woyenera, injini imakhala mopendekera n'kumadya ma CV joint mwakachetechete.

Poika, kuona maso a nkhono n'kudekha. Injini imachirikizidwa ndi jeki yoikidwa thabwa pamwamba kuti sump isaphwanyike. Mabawuti onse amayamba alowetsedwa ndi manja, injini n'kutsitsidwa kuti ikhale ndi kulemera kwake konse, kenaka n'kumanga ndi torque wrench pa muyeso wa m'buku. Mukamanga injini ili m'malere, labala amakhala wopotoka moyo wake wonse ndipo galimoto imanjenjemera ngakhale mounting ili yabwino. Pa Volkswagen mabawuti ambiri a malo amenewa ndi otamuka akamangidwa, ogwira ntchito kamodzi kokha, ndiye amafunika atsopano. Pakapita makilomita mazana angapo mubwerenso tidzaone ngati onse ali chimangire.

Golf ija titaiyeza tinapeza kuti mounting ya kumanja inali itataya madzi ake kalekale, ndipo labala wa dogbone anali wong'ambika. Ndinamuuza mnyamatayo maganizo anga: ya kumanja ndi ya giyabokosi tiike zatsopano za mtundu wa kufakitale, poti ndizo zimasenza kulemera ndipo ndizo zimalowetsa kunjenjemera m'galimoto. Pansi pokha, pa dogbone, tiike yatsopano n'kulowetsamo kachidutswa ka polyurethane wofewerapo kodzadza mipata ija, poti pamenepo ndi pamene pali nkhondo ya kupotoka. Kachidutswako kamalowa ndi bawuti imodzi, ndipo akadana nako tikhoza kukazula pa theka la ola. Anakhala chete kanthawi akuyang'ana katoni yake, n'kufunsa kuti, "Nanga awawa nditani nawo, madala?" Ndinati awasunge mpaka tsiku limene adzakhale ndi galimoto ina yopitira kuntchito, Golf n'kukhala ya mpikisano yokha.

Patatha milungu iwiri anabwera kudzamangitsanso mabawuti. Anati kudumpha kuja ponyamuka kunatha, giya yachiwiri ikulowa bwino, koma m'mawa injini isanatenthe chiwongolero chimanjenjemera pang'ono. Ndinakwera naye, tinakaima pamaloboti, ndinaika dzanja pa dashibodi ndipo ndinakumvadi kunjenjemerako, kwapansipansi. Ndinamufunsa ngati tikazule kachidutswako. Anati ayi, tikasiye, ayambe wamva zimene mayi ake anene Lamlungu.