Pulogalamu ya kompyuta isasinthidwe ndi munthu mmodzi

Pa 1 Ogasiti 2012, kampani ya Knight Capital ya ku America, yomwe inkagula ndi kugulitsa masheya, inataya madola oposa 440 miliyoni m'mphindi 45 zokha. Sikuti mbava zinalowa m'makompyuta ake ayi. Kampaniyo inali itasintha pulogalamu yotumizira maoda ku msika wa masheya wa ku New York, koma katswiri yemwe ankaika pulogalamu yatsopanoyo anaiika m'makompyuta akuluakulu 7 mwa 8, imodzi n'kuiiwala. Panalibe mnzake woti aone ntchitoyo. Mu kompyuta yoiwalikayo munali mutatsala chigawo chakale chotchedwa Power Peg, chomwe anasiya kuchigwiritsa ntchito mu 2003 koma osachichotsa. Msika utangotsegulidwa, chigawocho chinadzuka n'kuyamba kutumiza maoda osalekeza.

N'zosavuta kuloza chala katswiri woiwala uja, koma palibe munthu wosaiwala. Cholakwika chenicheni chinali chakuti kampaniyo inalibe ndondomeko yogwira cholakwa cha munthu mmodzi chisanafike kwa makasitomala. M'mawa wa tsikulo, msika usanatsegulidwe, makompyuta anatumiza maimelo 97 osonyeza kuti pali vuto, koma palibe anachitapo kanthu. Zinthu zitasokonekera, akatswiri anachotsa pulogalamu yatsopano m'makompyuta 7 omwe ankagwira bwino aja, vuto n'kukulirakulira. M'pake kuti mu 2013 bungwe la SEC, loyang'anira misika ya masheya ku America, linalipiritsa kampaniyo madola 12 miliyoni chifukwa chosowa njira zodzitetezera.

Ndondomeko yabwino si yovuta kuimvetsa. Wofuna kusintha pulogalamu alembe chomwe akusintha, chifukwa chake ndi ntchito zomwe zingakhudzidwe. Mnzake yemwe sanalembe nawo ayiwerenge ndi kuivomereza, poti mutu umodzi susenza denga. Kenaka iyesedwe pa kompyuta yapadera yomwe ilibe ndalama zenizeni za anthu. Ikapambana, iyambe yaikidwa kwa anthu ochepa, ndipo aliyense adziwiretu yemwe ali ndi mphamvu zoimitsa ntchito komanso njira yoyesedwa kale yobwerera ku pulogalamu yakale.

Ena amati zonsezi n'zochedwetsa, ndipo pa malonda wochedwa amalandidwa makasitomala. Akunena zoona pang'ono: komiti yomwe imakumana mwa apo ndi apo n'kumasayina mapepala osawamvetsa siteteza aliyense, imangochititsa kuti zosintha ziunjikane n'kudzalowa zonse tsiku limodzi. Koma mankhwala ake ndi kusintha pang'onopang'ono, kawirikawiri, osati kutaya ndondomeko. Pa 19 Julaye 2024, kampani ya CrowdStrike, yopanga mapulogalamu oteteza makompyuta, inatumiza nthawi imodzi kafayilo kolakwika ku makompyuta a makasitomala ake padziko lonse. Malinga ndi Microsoft, makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni a Windows anasiya kugwira ntchito. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zinaimitsa maopaleshoni ena, ndipo makompyuta ambiri anafunika kuwakonza pamanja imodziimodzi. Kafayiloko kakanayamba kapita ku makompyuta ochepa, vutolo likanaonekera lisanafalikire. CrowdStrike yomweyo inalonjeza pambuyo pake kuti izitumiza zosintha zotere m'magawo.

Enanso amati izi n'za makampani akuluakulu akunja. Koma kwathu kuno malipiro a aphunzitsi, fizi ya ana ndi ndalama zotumizirana pa foni zonse zimadutsa m'mapulogalamu omwe amasinthidwa nthawi ndi nthawi, ndipo zikasokonekera wovutika ndi mayi wa pa mzere ku banki. Bungwe laling'ono silifunika zida zodula: buku lolembamo zosintha, munthu wachiwiri woona ntchito ndi kope la pulogalamu yakale n'zokwanira poyambira. Udindowu ndi wa mkulu wa bungwe, ngakhale asadziwe kulemba pulogalamu. Asanalole kusintha kulikonse afunse kuti wayesa ndani, waona ndani, ndipo zikavuta tibwerera bwanji.