Chifukwa Chake Okonda Nyimbo za Rock Sakhutira ndi Chimbale

Munthu amene ali ndi chimbale m'nyumba mwake angathe kumvera nyimbo imene aikonda nthawi ina iliyonse, osalipiranso kanthu. Komabe ku Amereka ndi ku Ulaya kuli anthu ambirimbiri amene amasunga ndalama miyezi yathunthu, nayenda ulendo wa masiku awiri kapena atatu, kuti akamve nyimbo yomweyo ikuimbidwa pamaso pao. Kwa omvera wailesi ena, khalidwe lotere lingaoneke ngati kusakaza chuma. Nkhani ya lero ifotokoza chimene anthuwa amakafuna kumeneko, potsata mbiri ya gulu limodzi loimba ndi anthu olikonda.

Nyimbo za rock zinakula m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo zoimbira zake zenizeni ndi magitala a magetsi ndi ng'oma. Magulu a ku Mangalande monga The Rolling Stones, The Who ndi Led Zeppelin anamveka nazo pa dziko lonse. Pofika m'ma 1980, nyumba zina za wailesi ku Amereka zinayamba kuulutsa nyimbo za nyengo imeneyo zokhazokha, ndipo dzina loti classic rock linafala kuchokera pamenepo, kutanthauza nyimbo za rock zakale zimene siziguga.

Mwa magulu onse a nyengoyo, limene linadziwika kwambiri chifukwa cha otsatira ake ndi la Grateful Dead. Gululi linayamba m'chaka cha 1965 m'dera la San Francisco ku California, ndipo woimba gitala amene ambiri ankamuyesa mtsogoleri wake anali Jerry Garcia. Pa zaka 30 linaimba pamaso pa anthu koposa maulendo 2,300. Chodabwitsa n'chakuti pa zaka zonsezo linali ndi nyimbo imodzi yokha imene inalowa m'gulu la nyimbo khumi zapamwamba m'dzikomo. Nyimboyo ndi Touch of Grey, ya mu 1987. Kutchuka kwa gululi kunachokera pa bwalo, pamene oimba ndi omvera amaonana maso ndi maso.

Chinsinsi chake chinali m'kaimbidwe. Magulu ambiri akakhala pa ulendo amaimba nyimbo zomwezomwezo usiku uliwonse, motsatana chimodzimodzi. A Grateful Dead ankasintha nyimbo tsiku ndi tsiku, ndipo pakati pa nyimbo ankapeka zatsopano pomwepo, wina akuyamba, anzake akumtsatira. Nyimbo yao yotchedwa Dark Star, pa chimbale chaching'ono cha mu 1968, siikwana mphindi zitatu. Koma imene inajambulidwa pa bwalo mu 1969 ndi ya mphindi 23. Monga momwe woimba ng'oma amayang'anira mapazi a wovina kuti adziwe posinthira, oimbawa ankamvera khamu la anthu, ndipo khamulo linkawayankha. Usiku wina zinkakoma kotheratu, usiku wina zinkalephereka. Choncho munthu amene anamva Lachisanu ankafuna kubweranso Loweruka, podziwa kuti zimene zidzaimbidwe sizinamvekepo ndi kale lonse, ndiponso sizidzabwerezedwa.

Kuchokera pamenepo kunabadwa anthu otchedwa ma Deadhead. Ena ankatsata gululi mzinda ndi mzinda kwa milungu yambiri, kugona m'magalimoto. Kuti apeze ndalama za petulo ndi za tikiti, ankagulitsa zakudya, malaya onika mitundumitundu ndi mikanda pamalo oimika magalimoto kunja kwa bwalo, kotero kuti pamalopo pankasanduka msika. Ena anali anthu a pa ntchito, aphunzitsi, maloya ndi madokotala, amene ankasunga masiku ao a tchuthi kudikira ulendo wa gululi. M'chaka cha 1977, ku Englishtown m'boma la New Jersey, kunasonkhana anthu oposa 100,000 tsiku limodzi. Chaka chotsatira, pamene gululi linakaimba masiku atatu pafupi ndi mapiramidi a ku Giza m'dziko la Egypt, ena analitsata mpaka komweko.

Oimbawo nawonso anabweza ulemu kwa anthu ao. Mu 1974 anayenda ndi khoma lalikulu la zokuzira mau pafupifupi 600, lokonzedwa kuti wokhala kumbuyo kwenikweni amve bwino monga wokhala kutsogolo. Mu 1983 anayamba kugulitsa okha matikiti kudzera pa positi, kuti okonda gululi enieni asamamanidwe malo. Chachikulu koposa chinali nkhani ya matepi. Makampani a zimbale ankaona kujambula nyimbo pa bwalo ngati kuba, koma gululi linkalekerera, ndipo kuyambira mu 1984 linapatula malo apadera a anthu obwera ndi makina ojambulira mau. Lamulo linali limodzi: matepiwo asinthanitsidwe mwaulere, asagulitsidwe. Anthu osadziwana ankatumizirana makaseti pa positi, ubwenzi n'kuyambira pomwepo, ndipo kaseti iliyonse inkakopa munthu wina kuti akadzionere yekha.

Koma ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Moyo wa pa ulendowu unadzala ndi mankhwala ozunguza bongo, amene anaononga achinyamata ambiri ndi kulowetsa ena m'ndende. Oimbawo sanapulumuke: Brent Mydland, woimba limba, anafa nawo mu 1990. Itatchuka nyimbo ya mu 1987 ija, kunayamba kubwera anthu zikwizikwi opanda matikiti, ofuna phwando la kunja kokha, ndipo mizinda ina inatopa ndi zinyalala ndi phokoso. Pa 2 Julaye 1995, ku Deer Creek m'boma la Indiana, khamu linathyola mpanda n'kulowa mwa chiwawa. Kuimba kwa tsiku lotsatira kunalephereka, ndipo oimbawo analembera otsatira ao kalata yodzudzula. Gululi linaimba komaliza pa 9 Julaye ku Soldier Field mu mzinda wa Chicago. Patapita mwezi umodzi, pa 9 Ogasiti 1995, Jerry Garcia anamwalira ndi matenda a mtima ali ndi zaka 53, ali ku malo othandiza anthu ofuna kusiya mankhwala oterewa.

Matepi aja sanatayike. Masiku ano zikwi za zojambulidwazo zikupezeka pa intaneti, ndipo aliyense angamvere usiku umene afuna, wa chaka chimene afuna. Ngakhale zili choncho, pamene oimba anai otsala anabwerera ku Soldier Field mu Julaye 2015 kukakumbukira zaka 50 chiyambire gululi, anthu oposa 70,000 anadzaza bwalolo usiku uliwonse kwa masiku atatu. Ambiri a iwo anali a imvi, ena atatenga ana ao akuluakulu. Nyimbo zonse anali nazo kale kunyumba. Chimene anayendera ulendowo chinali kukaimirira pakati pa anzao, kuimba nawo limodzi, ndi kudikira, monga ankachitira pa unyamata wao, kuti amve nyimbo imene itsatire.