Galu Wodwala Pakhosi

Ku Liwaladzi, m'boma la Nkhotakota, mabanja ambiri amaŵeta agalu. Agaluŵa amalondera nyumba usiku ndiponso amapirikitsa anyani m'minda ya chinangwa. Mlonda wotere akaleka kuuwa, mwiniwake ayenera kufufuza chimene chavuta.

Nthaŵi zina galu amamera chotupa m'kati mwa kholingo, pamene pamachokera mawu ndiponso pamadutsa mpweya. Nthendayi sipezeka kaŵirikaŵiri. Zotupa zina zotere sizifalikira m'thupi monga ichitira khansa, komabe n'zoopsa chifukwa zikakula zimatseka njira ya mpweya. Chotupa chimakula pang'onopang'ono, kwa masabata kapena miyezi. Galu amasasa mawu, amapuma mobanika ndipo amatopa msanga akathamanga.

Chimene chimachotsa chotupachi ndi opaleshoni. Dokotala wa ziŵeto amayamba wabaya galu jakisoni womugonetsa kuti asamve ululu. Kenaka amaunika kukhosi, nadula chotupacho mosamala. Kanyama kodulidwako amakapima ndi makina okuza zinthu kuti adziŵe ngati ndi khansa kapena ayi. Chotupa chosafalikira chikachotsedwa chonse, agalu ambiri amachira. Ntchitoyi imafuna chipatala cha ziŵeto chokhala ndi zipangizo, monga zipatala za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre.

Koma si galu aliyense wosasa mawu amene ali ndi chotupa. Galu wa chiŵeŵe nayenso amasintha mawu, amalephera kumeza ndipo amatuluka dovu. Ena poganiza kuti watsamwa ndi munga wa usipa kapena wa chambo, amapisa dzanja m'kamwa mwake. Uku n'kuputa imfa, pakuti chiŵeŵe chimayenda m'malovu, ndipo chikaonekera mwa munthu sichichizika.

N'chifukwa chake mwana wanzeru sayandikira galu wodwala. Amauza makolo kuti aitane mlangizi wa ziŵeto. Munthu wolumidwa atsuke bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo athamangire kuchipatala kukalandira katemera tsiku lomwelo. Katemera woyamba wa chiŵeŵe anamupereka kwa munthu Louis Pasteur wa ku France mu 1885. Agalu nawo ayenera kubayitsa katemera chaka chilichonse.

Mafunso
1. Tchulani zizindikiro zitatu za chotupa cha m'kholingo.
2. N'chifukwa chiyani dokotala amapima kanyama kamene wadula?
3. Kodi munthu wolumidwa ndi galu achite chiyani?