Galu akamadzikanda, musathamangire mankhwala a chimanga

Dzuwa likamalowa ku Makata, mafakitale akamaweruka, ogulitsa tchipisi ndi chimanga chootcha m'mbali mwa msewu amayamba kulongedza. Nthawi yomweyo ndi pamene antchito ena amalowa shifiti. Galu wa pamalo ogulitsira matabwa kapena owotcherera zitsulo amamasulidwa patcheni. Mphaka wa m'kanyumba kosungiramo matumba amayamba kuzungulira m'makona. Awiriwa salandira malipiro pakutha pa mwezi, koma akadwala wolira ndi mwini katundu.

Azakhali anga amagulitsa chimanga, nyemba ndi mtedza kufupi ndi msika wa Ndirande. Chaka chatha mphaka wawo adayamba kudzikanda mpaka ubweya kusosoka pamsana. Poti mankhwala ophera anankafumbwe adali pafupi, adatapako pang'ono n'kumuwaza thupi lonse. Madzulo mphaka uja adayamba kunjenjemera ndi kuchucha dovu. Kutacha adamupeza atauma. Mwezi usanathe makoswe adali ataboola matumba a mtedza, ndipo zomwe adataya zidaposa ndalama imene ankaopa kuwononga pogula mankhwala oyenera.

Nkhani yotere si ya azakhali okha. Mumzinda wa Blantyre muli agalu ambiri kuposa mmene timaganizira. Mu 2015 bungwe la Mission Rabies, mogwirizana ndi Blantyre SPCA komanso nthambi ya boma yoona za ziweto, lidabaya katemera wa chiwewe agalu oposa 35,000 m'masiku 20 okha. Katemerayo ndi wofunika kwambiri, ndipo musamaphonye akabwera m'dera lanu. Koma dziwani kuti jakisoni wa chiwewe sapha nthata kapena nkhupakupa, monganso mankhwala a nthata sateteza galu kuchiwewe. Ndi mabilu awiri osiyana.

Nthata zambiri sizili pagalu

Akuluakulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Akamadzikanda usana ndi usiku, mupeseni pamwamba pa pepala loyera lonyowa. Timadontho takuda tikagwerapo n'kusanduka tofiira, amenewo ndi manyi a nthata, magazi a galu wanu.

Nthata yaikazi imatha kuikira mazira mpaka 50 patsiku. Mazirawo sakhala pathupi. Amagwera pachiguduli chomwe galu amagonapo, m'fumbi la pansi pa benchi ndi m'ming'alu ya simenti. Mwa nthata 100 zilizonse zomwe zili pamalo anu, pafupifupi 95 zimakhala pansi ngati mazira, timphutsi kapena zobisala m'zikwa, ndipo za m'zikwa zimatha kudikira miyezi. N'chifukwa chake mumasambitsa galu lero, sabata yamawa nthata zabwerera, inu n'kumati adakugulitsani mankhwala achinyengo.

Nthata zimayamwa ana agalu ndi ana amphaka mpaka magazi kuwathera. Zimafalitsanso njoka za m'mimba zomwe tizidutswa take timaoneka ngati mpunga pansi pa mchira. Mwana wamng'ono wosewera pansi akameza nthata mwangozi, naye amatha kuzitenga. Kwa wogulitsa zakudya kapena kaunjika pali vuto linanso: kasitomala akalumidwa m'miyendo pabenchi panu, mawa amakagula kwa mnzanu.

Nkhupakupa ndiyo imapha mlonda

Nkhupakupa zofiirira za agalu zimakonda nyumba. Yaikazi ikakhuta magazi imagwa, n'kukwawira mumng'alu wa khoma, momwe imaikira mazira masauzande. Zimachuluka nyengo yotentha ndi yamvula, kuyambira cha mu Okutobala mpaka Epulo.

Nkhupakupa zimafalitsa tizilombo towononga magazi. Galu amene dzulo amauwa mpaka anthu kuopa kudutsa, lero amangogona, akukana nsima, thupi latentha. Tukulani mlomo wake muone nkhama. Zikakhala zoyera kapena zachikasu m'malo mofiira, ndipo mkodzo uli ngati tiyi wopanda mkaka, musadikire Loweruka. Matendawa amatha kupha m'masiku ochepa, ndipo amafuna mankhwala a dokotala wa ziweto. Kumusambitsa dibi atadwala kale sikumuchiza. Agalu ena amatuluka magazi m'mphuno, nachonso n'chizindikiro chothamangira kwa dokotala.

Chizolowezi chotchipa kwambiri n'kumufufuza galu madzulo musanamumasule: m'makutu, m'khosi, pakati pa zala ndi pansi pa mchira. Mukapeza nkhupakupa, igwireni ndi kopanira pafupi ndi khungu n'kukoka pang'onopang'ono osapotokola. Iponyeni m'kabotolo ka sipiriti. Musaiphwanye ndi zikhadabo, musaiotchenso ndi ndudu ili pathupi.

Udzudzu ndi ntchentche

Galu ndi mphaka sadwala malungo a anthu. Komabe udzudzu umatha kupatsira agalu nyongolotsi zokhala mumtima ndi m'mitsempha ya m'mapapo, zomwe zimapezeka kumadera otentha ndi achinyezi monga cha ku Quelimane m'dziko la Mozambique. Amene mumayenda maulendo a malonda kumeneko n'kubwera ndi galu, muuzeni dokotala komwe wachokera.

Kuno kwathu ntchito yaikulu n'kuchotsa madzi odikha. Matayala akale, zitini ndi migolo yosavindikira, zomwe sizisowa m'magalaja ndi mogulitsira zitsulo zakale ku Makata, ndi moswera udzudzu woluma inu, mlonda wanu ndi galu yemwe. Ntchentche zoluma nazo zimadya nsonga za makutu a agalu mpaka zilonda. Sesani ndowe tsiku lililonse ndipo pakani Vaseline m'nsonga za makutuwo. Mankhwala odzola anthu othamangitsa udzudzu, kapena opopera m'nyumba, si a pathupi pa chiweto.

Mphaka si galu wamng'ono

Apa ndi pamene azakhali adagwa. Chiwindi cha mphaka chimalephera kusungunula mankhwala ena omwe galu amapirira. Oopsa kwambiri ndi permethrin. Mankhwalawa amapezeka m'mankhwala ena a nthata a agalu, komanso m'mankhwala ena aufa osungira chimanga monga Actellic Super, omwe adapangidwira chimanga, osati ziweto. Mphaka amadzinyambita thupi lonse, ndiye chilichonse chomwe mwamuwaza chimathera m'mimba. Dibi wa amitraz, amene ambiri amamudziwa ndi dzina la Triatix, nayenso si wa amphaka. Ngakhale Panado amene timamwa ife amapha mphaka.

Mukadontheza mankhwala a permethrin pagalu, mphaka asayandikane naye masiku atatu. Mphaka akayamba kunjenjemera, kuchucha dovu kapena kugwa ngati wakhunyu, musambitseni msanga ndi madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale, mupukuteni, mufunditseni, ndipo thamangirani naye kwa dokotala mutanyamula paketi ya mankhwalawo. Musamukakamize kumwa mkaka.

Oilo wakuda wa galimoto ndi parafini, zomwe ena amapaka agalu amphere, zimaotcha khungu ndipo zimalowa m'thupi galu akamanyambita.

Werengerani mtengo pamwezi

Mankhwala ambiri a ziweto amachokera kunja, choncho kugwa kwa kwacha, monga kwa 44 peresenti mu Novembala 2023, kumafika mpaka pakauntala ya wogulitsa. Musangoyang'ana mtengo wa pashelefu. Funsani kuti akagwiritsidwa ntchito kamodzi amateteza nthawi yaitali bwanji.

Odontheza kumbuyo kwa khosi a fipronil, monga Frontline, amabwerezedwa mwezi ndi mwezi, ndipo alipo a agalu ndi a amphaka payekhapayekha. Piritsi la agalu la NexGard ndi la mwezi umodzi, la Bravecto ndi la masabata 12. Lamba wa m'khosi wa Seresto amatha kufika miyezi 8. Dibi ndi wotsika mtengo pogula, koma amafuna kubwereza pafupipafupi monga mwalembedwera pabotolo. Gawani mtengo uliwonse ndi miyezi yake. Nthawi zina chooneka chodula ndicho chimatchipa pakutha pa chaka.

Mlingo umatengera kulemera. Sikelo yomwe mumayezera chimanga igwiritseni ntchito: mphaka muikeni m'basiketi, galu muimikeni pasikelo yapansi. Kugula mlingo wa galu wamng'ono pomwe wanu ndi wamkulu n'kutaya ndalama. Kugawira mphaka mlingo wa galu n'kumupha. Ana agalu, galu wabere ndi woyamwitsa, funsani kaye mlangizi wa ziweto.

Ngati thumba likulola dibi yekha, sonkherani anthu a mzere umodzi, mugule botolo losatsegula, musambitse agalu onse tsiku limodzi. Nkhupakupa sizidziwa malire a puloti. Yezani ndi jakisoni wopanda singano, osati ndi chivindikiro, valani magolovesi, ndipo madzi otsala musawathire mungalande yolowera ku Nasolo kapena ku Mudi. Botololo lisakhale shelefu imodzi ndi mafuta ophikira kapena ufa.

Tsiku lomwelo chapani ziguduli za galu ndi madzi otentha n'kuziyanika padzuwa, sesani bwinobwino, matani ming'alu ndipo tchetchani udzu. Bwerezani sabata iliyonse kwa miyezi itatu. Izi sizilira ndalama, koma ndi kumene kuli nthata 95 zija.

Kwa ofuna kugulitsa

Agalu ochuluka chonchi ndi msika, ndipo ena adauona kale. M'misika yathu simusowa timabotolo ta mankhwala otsanulidwa, topanda dzina kapena mlingo. Wogula sadziwa ngati ndi dibi wa ng'ombe, mankhwala a thonje kapena madzi opaka mtundu. Mankhwala ophera tizilombo amayang'aniridwa ndi bungwe la Pesticides Control Board, pomwe mankhwala ochizira ziweto amalembetsedwa ku Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Musanaike mpamba wanu mumalonda amenewa, pitani mukafunse za chiphaso. Gulitsani zomata, zolembedwa dzina, mlingo ndi tsiku lothera mphamvu. Funso loyamba kwa kasitomala likhale lakuti: ndi a galu kapena a mphaka? Kasitomala amene mphaka wake wafa sabweranso, ndipo nkhaniyo amaifalitsa mzere wonse.

Azakhali adapeza mphaka wina. Mankhwala ake amagula a chithunzi cha mphaka papaketi, ndipo tsiku lomudontheza amalilemba kumapeto kwa kope lomwe amalembamo a ngongole. Mankhwala a anankafumbwe tsopano amakhala m'chitini chotseka, pamwamba pa kabati.