Njerwa Zogwa Kuchokera Kumwamba

Makolo athu ndi abambo ansembe amene adali anyamata m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira bwino kachipangizo kapulasitiki kotalika ngati chikhatho kamene kankatchedwa Brick Game. Kankadya mabatire awiri ang'onoang'ono, kankalira ngati nkhululu, ndipo tambiri tidalembedwa 9999 in 1, kutanthauza kuti m'katimo mudali masewera 9999. Limeneli lidali bodza la amalonda. Masewera enieni adali owerengeka chabe, ena onsewo adali omwewo atangowasintha liwiro. Kwathu ku Phwezi, m'mbali mwa msewu wa M1 m'boma la Rumphi, amalume anga akusungabe kamodzi, ndipo ndaona ana amene adazolowera mafoni amakono akulimbirana kanthu kameneka kopanda ngakhale mitundu. Ndikufuna tione chimene chimawakoka.

Masewera aakulu a m'kachipangizoka ndi Tetris, ngakhale kuti opanga ake sadalembe dzinali. Adawayambitsa ndi Alexey Pajitnov, katswiri wa makompyuta wa ku Moscow, m'chaka cha 1984. Dzinali adalipanga pophatikiza liwu la Chigiriki lotanthauza zinayi ndi dzina la masewera a tennis amene iye ankawakonda. Popeza ankagwira ntchito ya boma la Soviet Union, mwiniwakeyu adayamba kulandirapo ndalama mu 1996, pamene kampani ya Nintendo idali itagulitsa kale masewerawa padziko lonse m'makina ake a Game Boy kuyambira 1989.

Malamulo ake mwana wa Sitandade 3 angathe kuwamva asadamalize kutafuna chimanga chootcha. Pali dzenje la mabokosi 10 m'lifupi ndi 20 m'litali. Kuchokera pamwamba kumagwa njerwa za maonekedwe 7, iliyonse yopangidwa ndi timabokosi 4: ina yowongoka ngati ndodo, ina yamakona anayi, zina zopindika ngati zilembo L, T, S ndi Z. Ntchito yanu ndi kuitembenuza njerwayo ndi kuikankhira kumanja kapena kumanzere isadafike pansi. Mzere ukadzaza wopanda mpata, umafufutika. Khoma likafika pamwamba, mwafa.

Mmisiri womanga nyumba amanyadira khoma likamakwera, koma kuno n'zosiyana. Mzere umene mwauyala bwino umasowa, pamene njerwa imene mwaiika molakwika imatsala pomwepo n'kumakuyang'anani. Chimene mumaona m'maso mwanu nthawi zonse ndi zolakwa zanu zokhazokha, ndipo mtima wa munthu sufuna kusiya chinthu chokhota chimene akuona kuti angathe kuchiwongola. Ine ndikuganiza kuti nyambo yeniyeni ili pamenepa. Simungadandaule za woimbira mpira, kapena mnzanu amene sadakupatsireni. Mpata uja mwausiya ndinu, ndipo chala chimathamangira chokha kukayambanso.

Palinso dyera. Pa Tetris wa makina a NES wa 1989, kufufuta mzere umodzi pa gawo loyambirira kumapatsa mapointi 40, koma kufufuta mizere 4 nthawi imodzi kumapatsa 1,200. Njerwa imene ingathe kuchita zimenezi ndi yowongoka ija basi. Choncho wosewera amamanga khoma lalitali n'kusiya kampata kumbali, kudikira ndodoyo. Masewera amakono amaonetsetsa kuti njerwa zonse 7 zabwera zisadayambe kubwereza, koma akalewa analibe chifundo chotere: ndodo ingathe kuchedwa mpaka khoma kukutsekerani pakhosi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi adagwa chagada.

Ena anganene kuti ife tili kale ndi bawo, ndipo n'zoona kuti nayonso imafuna mutu. Koma pa bawo mdala angathe kugwira chibwano, kuwerenga nkhomo m'maenje onse, mwinanso kufwenkha fodya asadatakate. Tetris sadikira munthu. Mizere 10 iliyonse ikafufutika mumakwera gawo, ndipo njerwa zimanka ziwonjezera liwiro, kotero kuti kuganiza ndi kuchita ziyenera kuchitika m'kuphethira kumodzi. N'chimodzimodzinso Snake, kanjoka kamene kadabwera m'mafoni a Nokia mu 1997: kakadya kamatalika, ndipo thupi lake lomwe ndilo limasanduka msampha wake.

Anzanga okonda masamu amve izi. Mu 1997 katswiri wina wa masamu, Heidi Burgiel, adatsimikizira kuti ngati njerwa zikugwa mwachisawawa, palibe amene angasewere mpaka kalekale, ngakhale atakhala wochenjera chotani, chifukwa tsiku lina padzagwa mndandanda wautali wa njerwa za S ndi Z zokhazokha, ndipo zimenezi sizingayalidwe popanda kusiya mipata. Tsono aliyense amalowa m'masewerawa atagonja kale. Chimene amalimbirana ndi kuchedwetsa imfayo.

Kwa inu makolo amene mumadandaula kuti mwana akagwira kanthuka samvanso kuitana, dandaulo lanu lili ndi maziko. M'chaka cha 2000 Robert Stickgold wa ku Harvard adaseweretsa anthu Tetris kwa maola angapo pa masiku atatu, ndipo ambiri adanena kuti ankaona njerwa zikugwa pamene tulo tikuwagwira. Chodabwitsa n'chakuti ngakhale odwala matenda oiwala, amene sankakumbukira n'komwe kuti adasewerapo, ena mwa iwo ankazionanso. Wophunzira amene mawa lake ali ndi mayeso a Chilatini ayenera kudziwa kuti akazimitsa kachipangizoka, m'mutu njerwa zimapitirirabe kugwa.

Nanga malire a munthu ali pati? Kwa zaka zambiri akatswiri ankakhulupirira kuti gawo 29 la Tetris wa NES ndiwo mathero, poti liwiro lake limaposa chala. Kenaka achinyamata adatulukira njira yatsopano: chala chimodzi chimagona pa batani, zala za dzanja linalo zikugogoda kunsi kwa chipangizocho motsatizana, ngati mmene amachitira oimba ng'oma. Ndi njira imeneyi, mu Disembala 2023 mnyamata wa zaka 13 wa ku Oklahoma, Willis Gibson, adafika pa gawo 157 mpaka makinawo adasokonezeka n'kuima. Adali munthu woyamba kuchita zimenezi, patatha zaka 34 chitulukireni masewerawo. Mu Okutobala 2024 mnyamata wina wa zaka 16, Michael Artiaga, adasewera pa Tetris wokonzedwa kuti asaime, ndipo adadutsa gawo 255, lomwe ndi lomaliza. Atatero, makinawo adamubwezera pa gawo 0, njerwa n'kuyambanso kugwa pang'onopang'ono ngati poyamba paja.