Feteleza amene akuthawira mu Mudi

Urea amene mlimi amalimbirana pa depoti ndi yemweyo amene thupi la munthu limataya mu mkodzo. Mu Blantyre, nyumba zolumikizidwa ku suweji, ngakhale ndi zochepa, zimamutumiza tsiku ndi tsiku ku malo oyeretsera madzi oipa a khonsolo ya mzindawu ku Manase, Soche ndi Limbe. Ali m'mapaipi amasanduka amoniya, ndipo akapanda kuchotsedwa amathera m'mitsinje monga Mudi, komwe amanenepetsa ndere mpaka nsomba kusowa mpweya.

Ku Soche, malo omwe anamangidwa m'zaka za m'ma 1950, njira yake ndi yowaza madzi pa mulu wa miyala kudzera m'mapaipi ozungulira. Mwala uliwonse umakutidwa ndi zoterera, ndipo zotererazo ndi mabakiteriya. A pamwamba ndi adyera. Amadya mafuta, shuga, zotsalira za nsima ndi zonyansa za m'chimbudzi, amaswana msanga, ndipo amamaliza okosijeni. Amene amasandutsa amoniya kukhala nayitireti, monga Nitrosomonas ndi Nitrobacter, amakula pang'onopang'ono ndipo amapeza malo pansi, pomwe zakudya za anzawo zatha. Pa galamu imodzi ya nayitirojeni wa mu amoniya amafuna okosijeni wokwana magalamu pafupifupi 4.6.

Choncho zonyansa zikachuluka, adyera aja amatsika n'kulanda miyala yonse, amoniya n'kudutsa osakhudzidwa. Galimoto yopopa zimbudzi za ku Ndirande kapena ku Bangwe ikakhuthula katundu wake nthawi imodzi, zimenezi zikhoza kuchitika, chifukwa za m'dzenje ndi zokhathamira kwambiri kuposa madzi a mu suweji. Oyilo wa m'magalaja ndi mankhwala ena a m'mafakitale, monga phenol, ndiye amafooketseratu tizilombo tosandutsa amoniya tija.

Komatu nayitireti akadali feteleza, ndipo m'madzi akumwa bungwe la WHO limaika malire a mamiligalamu 50 pa lita chifukwa amavulaza makanda. Kuti nayitirojeni achokeretu, pafunika gulu lachitatu la mabakiteriya, lomwe limapuma nayitireti pamalo opanda okosijeni n'kumutulutsa ngati mpweya wamba. Gululi siligwira ntchito ndi njala. Limafuna zonyansa zomwe zija zimene zinali chopinga poyamba, koma madzi akamafika apa n'kuti zitadyedwa kale. Ku Blue Plains, mu mzinda wa Washington, amachita kugula methanol n'kumathira kuti tizilomboti tidye.

Mzinda ngati Blantyre, umene umavutika kusintha mapaipi obedwa, sungakwanitse kugula methanol. Nzeru yotiyenera ili pafupi. M'zaka za m'ma 1970, injiniya wa ku South Africa, James Barnard, anakonza njira yotchedwa Bardenpho: madzi a nayitireti amabwezedwa kumayambiriro, m'thanki yopanda okosijeni, kuti akakumane ndi zonyansa zongofika kumene. Chakudya n'chaulere, koma mapampu ake amafuna magetsi osazimazima, ndipo aliyense wa mu Blantyre akudziwa mmene zilili pamenepo. Maiwe oyeretsera madzi oipa, monga a ku Limbe, sadya magetsi ambiri, koma amafuna malo aakulu ndi kuchotsamo matope pa nthawi yake.

M'chaka cha 2023, kolera itapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, World Bank inavomereza madola 145 miliyoni a ntchito za madzi ndi ukhondo mu Blantyre. Okonza malo oyeretserawa akhale akufunsidwa za amoniya ndi nayitireti wotuluka kumapeto kwa paipi, osati za fungo lokha.