TITHANDIZE ANA AULUMALI PA NTHAWI YA MAYESO

Tisanabzale chimanga timayamba tayesa mbewu. Timatenga njere 100, kuziyala pa chiguduli chonyowa, ndi kudikira masiku 7. Zikamera 85 kapena kupitirira, timati mbewu ndi yabwino. Koma tikaiwala kuthira madzi, chiguduli n'kuuma, njere sizimera. Kodi pamenepo tinganene kuti mbewu ndi yoipa? Iyayi. Cholakwika ndi kayesedwe kathu.

Mayeso a kusukulu ali chimodzimodzi. Ntchito yake ndi kuona zimene mwana akudziwa. Koma m'midzi mwathu muli ana osaona bwino, ena osamva, ena ofooka manja, ena odwala khunyu. Mwana wotere akapatsidwa pepala limene sangathe kuliwerenga, amapeza 4 kapena 5 pa 20. Anthu n'kumati: "Ameneyu mutu wake sugwira." Chonsecho mayesowo ayesa maso ake. Nzeru zake sanaziyese.

Lero tiphunzira za munthu amene amakhala pafupi ndi mwana wotere pa tsiku la mayeso. Timutchula kuti wothandiza.

ANA AMENEWA NDI ATHU

Kalembera wa chaka cha 2017 anapeza kuti m'dziko lathu la Mozambique muli anthu aulumali oposa 700,000. Ena mwa iwo ndi ana a msinkhu wa sukulu. Kale ana otere ankabisidwa m'nyumba. M'chaka cha 1998 boma linayambitsa ntchito yoti aziphunzira m'sukulu imodzi ndi anzawo. M'chaka cha 2012 dziko lathu linavomereza pangano la mayiko onse loteteza ufulu wa anthu aulumali. Ndipo lamulo la maphunziro la 2018 likuti mwana aliyense aphunzire kufikira kalasi 9. Mwana aliyense, abale, osati woona ndi wakumva yekha.

Boma linamanganso malo atatu othandiza maphunziro a ana aulumali, otchedwa CREI. Ena ali m'chigawo cha Gaza, ena ku Nampula, ena kwathu ku Tete. Ku Beira kuli sukulu ya osaona. Koma ana ambiri a ku Angónia, ku Tsangano, ku Macanga ndi kunyanja ku Niassa amaphunzira pa sukulu ya pamudzi pawo. Ndiye thandizo liyenera kupezeka pomwepo.

WOTHANDIZA NDANI?

Pa sukulu ya kumudzi mphunzitsi mmodzi amatha kukhala ndi ana oposa 60. Pa tsiku la mayeso sangakhale ndi mwana mmodzi yekha. Pafunika munthu wachiwiri. Akhoza kukhala mphunzitsi wina amene alibe kalasi nthawi imeneyo. Pa mayeso a m'kalasi akhoza kukhalanso munthu wodziwa kuwerenga ndi kulemba bwino, wovomerezedwa ndi mkulu wa sukulu ndi bungwe la sukulu lija timati Conselho de Escola.

Asakhale bambo, mayi kapena mbale wa mwanayo. Chifukwa ninji? Chifukwa magazi amakoka. Mayi akaona mwana wake akulakwa, mtima sungapirire, amuuza yankho.

Akhale munthu wofatsa, wosafulumira, wosunga chinsinsi. Mwana amudziwe mayeso asanafike. Tisamubweretsere mlendo m'mawa wa mayeso.

MWANA ALIYENSE NDI THANDIZO LAKE

Dothi lamchenga ndi dothi lakudimba sitilima mofanana. Ananso sathandizidwa mofanana.

Mwana woona pang'ono. Ana ambiri achialubino ali m'gulu limeneli. Akhale kutsogolo, pamalo powala, koma dzuwa lisamuwombe m'maso. Wothandiza amukopere mafunso a pabolodi ndi zilembo zazikulu zakuda. Kuwerenga ndi maso ofooka kumatenga nthawi, choncho apatsidwe nthawi yowonjezera.

Mwana wosaona. Ngati anaphunzira braille, alembe mayeso m'braille. Braille ndi zilembo za timadontho totumphuka, zowerengedwa ndi zala. Chilembo chilichonse chimapangidwa ndi madontho osapitirira 6. Ngati braille palibe, wothandiza amuwerengere funso, mwana ayankhe ndi pakamwa, wothandiza alembe. Akatha amuwerengere zimene walembazo kuti mwana avomere.

Mwana wosamva. Malangizo onse alembedwe pabolodi. Wothandiza aime pomwe mwana akuona nkhope yake ndi manja ake. Ngati mwana amadziwa chinenero cha manja, wothandiza akhale wochidziwanso. Nthawi ikatsala pang'ono, amusonyeze ndi dzanja, chifukwa belu salimva.

Mwana wofooka manja. Mutu ukudziwa, koma dzanja likukana. Nthawi zina kukulunga nsanza pa pensulo kuti ikhale yonenepa n'kokwanira. Nthawi zina mwana amanena, wothandiza n'kumalemba.

Mwana wachibwibwi. Pa mayeso a pakamwa tisamumalizire mawu. Tidikire. Ayankhe pamalo popanda anzake omuseka.

Mwana wodwala khunyu. Amwe mankhwala ake a kuchipatala pa nthawi yake, agone mokwanira, adye m'mawa. Akagwa m'kalasi, wothandiza achotse mipando pafupi, aike chovala pansi pa mutu, ndipo kugwedezeka kukatha amugoneke chammbali. Asamuike kanthu m'kamwa. Khunyu si matenda opatsirana. Mwanayo akapeza bwino, apatsidwe nthawi ina yomaliza mayeso ake.

Mwana wochedwa kumva zinthu. Wothandiza amupatse funso limodzi limodzi, ena aphimbe ndi pepala. Akatopa apume pang'ono.

CHIMENE WOTHANDIZA SACHITA

Apa tiwerenge bwino, chifukwa ndi pamene pagona nkhani.

Wothandiza amabwereka mwana maso, makutu kapena dzanja. Samubwereka mutu.

Tiyerekeze kuti funso likuti: "Mlimi ali ndi matumba 7. Thumba lililonse lili ndi makilo 50. Ali ndi makilo angati?" Wothandiza awerenge funso monga lalembedwera. Mwana akati, "Bwerezani," abwereze, ngakhale katatu. Koma asanene kuti, "Apatu uchulukitse." Mawu amenewo ndi theka la yankho. Mwana akati 300, wothandiza alembe 300, ngakhale akudziwa kuti yankho ndi 350. Asatsokomole, asagwedeze mutu, asafunse kuti, "Watsimikiza?"

Ngati pali mayankho anayi oti mwana asankhepo, wothandiza awerenge onse ndi mawu ofanana. Asakweze mawu pa yankho loona.

Chinanso. M'sukulu zina ana amayamba kuphunzira m'Chinyanja, monga zakhalira kuyambira 2003. M'sukulu zambiri mayeso ali m'Chipwitikizi. Ngati mayeso akuyesa Chipwitikizi chenichenicho, wothandiza asamasulire mawu. Akamasulira, ndiye kuti walemba mayesowo ndi iye.

Wina anganene kuti: "Ha, nkhanza zimenezo! Mwana wovutika kale, bwanji osangomuuza?"

Taganizani. Pa sikelo ya koperativa, munthu akaika mwala m'thumba la nyemba, sikelo imakwera. Koma kodi nyemba zachuluka? Tsiku lophika adzapeza mwala. Mwana wouzidwa mayankho amakhoza lero. Chaka chamawa amakhala m'kalasi imene sakumva kanthu, ndipo mphunzitsi sadziwa pamene akufunika thandizo. Anzake nawonso amati: "Uja anangomupatsa." Pamenepo tamulanda ulemu wake. Koma mwana akapeza 12 pa 20 ndi mutu wake, 12 ameneyo ndi wake. Palibe angamulande.

NTCHITO YA IFE MAKOLO

Sukulu yokha singathe. Nazi ntchito zathu.

1. Tiuze sukulu msanga. Chaka cha sukulu chikangoyamba, tipite kwa mphunzitsi tikafotokoze vuto la mwana. Tisadikire Novembala. Munda sitisosa mvula itagwa kale.

2. Tipite ndi mwana kuchipatala akamupime maso kapena makutu. Tipemphe kalata. Kalata imeneyi tiipereke kwa mkulu wa sukulu, ife tisunge ina.

3. Mayeso a boma ali ndi malamulo ake, ndipo mapepala ake sachokera pa sukulu yathu. Ngati mwana afuna braille, zilembo zazikulu kapena womulembera, mkulu wa sukulu alembere ofesi ya maphunziro ya distrito miyezi ingapo mayeso asanafike. Ife tibwererenso kukafunsa kuti: "Kalata ija inapita? Yankho labwera?"

4. Mwana ayeserere ndi wothandiza wake. Kunena yankho kuti wina alembe ndi luso. Limafuna kuzolowera. Ayambe pa mayeso ang'onoang'ono a m'kati mwa chaka.

5. Mayeso otsiriza chaka amafika nthawi ya mvula yoyamba, pamene tonse tili kalikiliki kubzala. Tisatume mwana kubusa kapena kumunda masiku amenewo. Asapite ndi njala. Phala kapena mbatata ndi zokwanira.

NTCHITO YA KOPERATIVA

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi lingalephere, koma koperativa ingathe.

Tili ndi ngolo ndi njinga. Mwana wosayenda tingamunyamule pa sabata ya mayeso, mosinthana. Tili ndi amisiri a matabwa. Angakonze tebulo logwirizana ndi msinkhu wa mwanayo. Pakhomo la kalasi pakakhala chitunda, tingasalaze ndi makasu athu kuti njinga ya olumala ilowe. Kuchokera m'thumba la koperativa tingagule mapepala ndi cholembera chakuda kwambiri. Pa msonkhano wa bungwe la sukulu, mmodzi wa ife aime afunse: "Pa sukulu pano pali ana angati ofunika thandizo pa mayeso? Adzawathandiza ndani?"

Ambiri a ife tagwira pensulo tili kale ndi imvi. Tikukumbuka mmene dzanja linkanjenjemera polemba dzina koyamba. Mphunzitsi wathu anatiyandikizira nyali, anatidikira, koma dzinalo tinalemba tokha. N'chifukwa chake lero timasaina tokha pa buku la koperativa, osadinda chala. Ana athu aulumali akufuna zomwezo.

Tiyeni tiwatsegulire njira. Mayankho apereka okha.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA GULU

1. M'mudzi mwathu muli ana angati aulumali? Ndi angati akupita kusukulu?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene wothandiza angachite pa mayeso.
3. Tchulani zinthu ziwiri zimene wothandiza sayenera kuchita.
4. Chifukwa ninji mbale wa mwana sayenera kukhala wothandiza?

NTCHITO YOLEMBA

Lembani m'kope mwanu mawu awa: mayeso, wothandiza, ulumali, sukulu.

Kenaka gulu lonse lilembe kalata yaifupi yopita kwa mkulu wa sukulu, yopempha msonkhano wokambirana za ana amenewa. Sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, okapereka kalatayo sabata ino.